Shuga wa Ababa ndi Galimoto ya Pamwezi

Adokotala athu atapuma pa ntchito anachoka pa lole yonyamula mpunga. Ndinawaona ndekha atakhala pamwamba pa matumba, atakumbatira wailesi yawo, akazi awo ali kutsogolo ndi dalaivala. Anali atakhala pachipatala chathu chaching'ono kuyambira ine ndisanabadwe, choncho tonse tinkangoti posachedwa kubwera ena. Nyumba yawo inakhala chitsekere mpaka mavu anamanga pachitseko. Pachipatala panatsala anesi amodzi okha, mayi wamfupi wochokera ku Phalombe. Iwowo ndiwo ankabereketsa, kubaya ana jakisoni ndi kumanga mabala, ndipo wosesa akadwala ankagwiranso tsache.

Patapita miyezi kunabwera anthu a bungwe lina n'kuitanitsa msonkhano pabwalo la sukulu ya pulayimale. Anatiuza mosabisa kuti madokotala ndi ochepa m'dziko muno, ndipo tisamadikire kuti wina adzalowa m'nyumba ija. Koma anati tisadandaule, kwabwera njira yatsopano. Odwala matenda okhalitsa monga shuga, kuthamanga kwa magazi, mphumu ndi khunyu sazipitanso kuchipatala. Chipatala ndicho chizibwera kwa iwo. Galimoto izifika pasukulupo kamodzi pamwezi ndi dokotala, aliyense azilandira mapiritsi a miyezi itatu, ndipo m'mudzi uliwonse mukhala volontiya wokhala ndi foni, sikelo ndi kamakina koyezera kuthamanga kwa magazi. Anthu anawomba m'manja. Nanenso ndinawomba, ndipo sindinganame, zina mwa izo zinali zabwino. Njira ya kuchipatala kwathu imadutsa m'dambo, ndipo dzinja likafika okalamba ambiri ankangosiya mankhwala chifukwa cha matope.

M'mudzi mwathu anasankha ine. Ndinali nditalemba mayeso a Fomu 4 pasekondale yoyendera, ndinkangokhala pakhomo, ndipo amayi ena ananena pamsonkhanopo kuti, "Mtsikana ameneyu sayankha akulu." Ndinayang'ana pansi, koma mumtima ndinasangalala. Mavolontiya tonse anatitengera ku Songani kukatiphunzitsa masiku ochepa. Ndinkakhala kutsogolo, kumvetsera chilichonse ngati mawa kuli mayeso. Anatiphunzitsa kumanga lamba pamkono, kuwerenga manambala n'kuwatumiza pafoni, ndi kuuza anthu kuti apewe shuga, mchere ndi mafuta. Kamakina koyezera shuga anati kazikhala m'galimoto, poti timapepala take n'tosowa. Mawu amene ankabwereza tsiku lililonse anali akuti, "Inu si madokotala. Za mapiritsi musakhudze. Zikakuvutani, imbani foni."

Ababa ananyadira kuposa ine. Ndikamagwada kuwapatsa moni ankakuwa kuti, "Adokotala a m'nyumba mwanga afika, apatseni mpando!" Iwo ndiwo anali wodwala wanga woyamba. Ankalima mpunga kusikimu ya Likangala, ndipo shuga anawapeza naye ine ndili wamng'ono. Mudzi wonse unkadziwa. Ku sadaka ankawapatulira tiyi wawo asanathire shuga m'ketulo ya onse. Ana akamadya mzimbe n'kuwaona akubwera ankaubisa kumbuyo, iwo n'kumaseka: "Bisani, bisani, ameneyo ndi mdani wanga." Anali munthu womvera. Piritsi sankadumphitsa, ndipo kusala kudya m'mwezi wa Ramadhani sanadumphitsepo chiyambire unyamata wawo.

Amene ankagwirizanitsa zinthu ziwirizi anali adokotala akale aja. Iwo anali Mkhristu, mumzikiti sankalowa. Koma Lachisanu lomaliza Ramadhani isanayambe ankabwera pa njinga yawo n'kukhala pabenchi pansi pa mtengo wa mango kunja kwa mzikiti. Anthu akatuluka ku mapemphero ankawapeza pomwepo, ndipo aliyense wodwala shuga kapena magazi ankabwera ndi kajumbo kake ka mapiritsi. Azimayi tinkaima chapatali kudikira kuti azibambo athe. "Ine sindisala," ankatero adokotalawo, "koma mapiritsi anuwa ndiwasalitsa ndine." Ndiye ankatsegula tijumboto kamodzikamodzi. Ili muzimwa pa futali, pomasula dzuwa likalowa. Ili mulidule pakati, muzimwa pa daku, pa chakudya cha m'bandakucha. Ili mulisiye mpaka Idi. Ena ankawauza mosapita m'mbali kuti, "Inu chaka chino musasale, ashehe ndikalankhula nawo ndekha." Ndipo ankapitadi kukalankhula nawo. Palibe amene anawatuma ntchito imeneyi, ndipo palibe ofesi imene inkaidziwa. Atakwera lole ija, nayo inakwera.

Galimoto inkabweradi, koma nkhope zinkasintha. Mwezi uno mnyamata wamagalasi, mwezi wamawa mayi wojintcha, winawo mnyamata wina wokonda kulankhula Chingerezi ndi dalaivala. Sanali anthu oipa. Ankafika atatopa kale, atayamba ndi midzi ina, ali ndi inanso yoti afikeko dzuwa lisanalowe. Ine ndinkaimika anthu pamzere, kuwayeza, ndi kuonetsetsa kuti asachedwetse adokotala ndi nkhani zambiri. Ankandiyamikira kuti mzere wanga umayenda msanga, ndipo ndinkabwerera kunyumba ndikumwetulira ndekha.

Mango atangotha, anapeza kuti shuga wa ababa wakwera. Mnyamata wa tsikulo anawachotsera mapiritsi akale n'kuwapatsa ena, ang'onoang'ono oyera, amene anati ndi amphamvu. Pakajumbo anajambula dzuwa likutuluka n'kulemba 2, dzuwa likulowa n'kulemba 1. Ababa analandira ndi manja awiri. Za Ramadhani palibe anatchula. Inali idakali patali, ndipo tinkati tidzafunsa ulendo wina. Ulendo winawo kunabwera mayi amene anati lero akuona a mphumu ndi a khunyu okha, a shuga ali nawo kale mankhwala. Kenako mvula inalimba, mtsinje wa Likangala unasefukira, msewu unaduka, ndipo galimoto sinaonekenso.

Lachisanu lomaliza lija, Ramadhani isanayambe, ababa anatenga kajumbo kawo popita kumzikiti, mwachizolowezi chabe. Anabwera nako osatsegula. Chakumadzulo anandiitana pakhonde.

"Adokotala, tatiuzani. Awa tiziwamwa bwanji?"

Ndinagwada pafupi ndi mpando wawo. "Ababa, ine za mapiritsi anandiletsa."

"Nanga foniyo anakupatsirani chiyani? Yoimbira anyamata?"

Amama anaseka ali kukhitchini. Ndinapita kuseri kwa sukulu kumene netiweki imagwira, n'kuimba nambala imene anatipatsa. Anayankha mtsikana wa mawu okoma, mwina anali ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Ndinafotokoza zonse mwaulemu, uku ndikupepesa. Anandidikiritsa pang'ono, kenako anati, "Wodwala shuga amene ali pa mankhwala amenewo sayenera kusala. Muwauze asasale."

"Nanga akakana?"

"Muwalimbikitse. Ntchito yanu ndi imeneyo."

"Kale adokotala ankawasinthira nthawi yomwera."

"Zimenezo ndi za dokotala amene wamuona wodwalayo. Adikire galimoto."

Mtsikanayo sananame, koma anali asanawaonepo ababa. Nditawauza, anaseka mpaka kutsokomola.

"Kamwana ka m'foni kakuti ndisasale? Ine ndasala ndi shuga yemweyu iko kasanamere mano. Eya, ashehe nawonso amati wodwala asasale, ndinamva. Nanga ine ndikudwala? Wodwala amalima?" Anakweza kajumbo kaja n'kukayang'anitsitsa. "Palibe chovuta apa, mayi. Dzuwa lotuluka ndi daku, lolowa ndi futali. Anajambula bwino mnyamata uja."

Anayamba choncho. M'bandakucha ankadya daku, kumwa mapiritsi awiri aja, n'kupita kusikimu, osaikanso kanthu m'kamwa mpaka madzulo. Inali nthawi yoingitsa mbalame, mpunga utayamba kukhwima. Ankakhala pansanja tsiku lonse, kukoka zingwe za zitini ndi kukuwiza mpheta. Masiku oyamba ankabwera ali bwino. Kenako ndinayamba kuona kuti akufika malaya atanyowa ngati agwera m'ngalande, manja akunjenjemera moti kapu ya phala ankaigwira ndi manja onse awiri. Akangodya ankabwerera mwakale n'kuyamba nthabwala. Ndinkawamanga lamba wanga pamkono, manambala n'kutuluka abwino, chifukwa kamakina kanga kankayeza zina, osati chimene chinkawadya. Ndinkatumiza manambalawo, foni n'kundionetsa kachizindikiro kobiriwira.

Tsiku lina ndinatenga njinga yawo n'kupita kuchipatala, malo ambiri ndikuikankha m'matope. Pakhonde panali podzaza azimayi oyembekezera ndi ena obereka ana kumbuyo. Anesi ankatuluka chipinda ichi kulowa icho, magolovesi ali m'manja. Ndinaima pakhomo nthawi yaitali, kuopa kuwasokoneza, mpaka iwo eni anandiona.

"Iwe wa foni, ukufuna chiyani? Nena msanga, mkatimu muli awiri."

Ndinafotokoza uku ndikuwatsata pambuyo, n'kuwaonetsa piritsi limodzi limene ndinakulunga m'pepala.

"A shuga si anganso, mwanawe, anawatenga a galimoto. Ngakhale timapepala toyezera ndilibe." Anayang'ana piritsilo n'kuima. "Amenewa awiri, kenako tsiku lonse osadya? Kawauze asiye kusalako. Ndipo tamvera. Akayamba thukuta ndi kunjenjemera, ndiye kuti shuga watsika. Muwapatse shuga, kapena chilichonse chotsekemera, nthawi yomweyo. Osadikira."

"Shuga, anesi?"

"Ndati shuga!"

Mkatimo mayi wina anakuwa, iwo n'kuthamangira komweko. Ndinkafuna kufunsa za nthawi yomwera mapiritsi, koma chitseko chinali chitatsekeka, ndipo ndinadikira mpaka ndinaona kuti sichitsegukanso msanga.

Kunyumba ababa anapukusa mutu. "Shuga kwa ine? Anesiwo atopa, mayi. Akagone."

Amama nawo sanamvetse. "Zaka zonsezi ndakhala ndikubisa shuga m'nyumba muno, lero ukuti tiziwapatsa?"

Ndinayesa kubwereza mawu a anesi monga ndinawamvera, koma pakamwa panga ankamveka opepuka. Ndinamanga shuga pang'ono m'kapulasitiki n'kukaika m'thumba la malaya awo a kumunda. M'mawa ndinakapeza pawindo.

"Munthu wosala aziyenda ndi shuga m'thumba?" anatero akuvala chipewa. "Kakagwa pamaso pa anzanga, ndikawauza chiyani?"

Ndinakaponya m'chikwama changa, pamodzi ndi lamba ndi foni.

Tsiku limene zinachitika ine kunalibe. Volontiya wa mudzi wa kufupi ndi doko la kunyanja anali atasiya, anapita kukagwira ntchito m'shopu ku Zomba, ndipo a bungwe anandipempha pafoni kuti ndiziyendanso kumeneko mpaka atapezeka wina. Anapempha mwaulemu, ine n'kuvomera. Zimene zinachitika kusikimu ndinazimva pambuyo pake kwa amayi a munda woyandikana ndi wathu, Mkhristu amene takhala tikubwerekana naye makasu kuyambira kale.

Anati dzuwa litapendeka ababa anayamba kukuwiza mbalame zimene kunalibe. Kenako anayamba kulankhula Chiyao, kuitana amayi awo amene anamwalira kalekale. Anatsika pansanja akudzandira n'kugwa m'mbali mwa ngalande. Anthu anathamangirako, ndipo woyamba kufika anali mng'ono wawo, ababa aang'ono, amene munda wawo uli chapafupi. Amayi aja anabwera ndi botolo lawo la thobwa.

"Tawamwetsani aka, mwina ndi njala."

"Muli shuga?" anafunsa ababa aang'ono.

"Pang'ono chabe."

"Mukufuna kuwamaliza achimwene? Matenda awo simukuwadziwa? Ndiponso asala. Dzuwa latsala pang'ono, tisawawonongere tsiku lawo."

Nthawi imeneyo ababa anali akung'ung'udzabe, ndipo akanatha kumeza. Anawanyamula n'kuwagoneka pamthunzi pansi pa nsanja. Anawathira madzi kumutu, kuwakupizira mphepo ndi chipewa, ndi kuwawerengera mapemphero. Anatuma mwana pa njinga kuti akandifune. Onse amene anali pamenepo ankawakonda ababa, ndipo aliyense anachita chimene anaphunzitsidwa.

Ndinafika dzuwa litatsamira paphiri la Zomba. Ababa sankayankhanso. Maso anali otseguka pang'ono, akuliza mkonono ngati ali m'tulo, thupi lonse lozizira ndi lonyowa. Ndinatulutsa kapulasitiki kaja n'kukang'amba ndi mano. Ababa aang'ono anandigwira padzanja.

"Iwe, wapenga?"

"Anesi anatero, ababa."

"Anesi ake ati? Si iwe wemwe umayenda m'makomo kutiuza kuti shuga ndi poizoni?"

Zinali zoona. Ndinali nditanena mawu amenewo pakhomo lililonse, monga anandiphunzitsira. Chibadwire ndinali ndisanalandepo dzanja langa m'dzanja la munthu wamkulu, koma tsikulo ndinalanda. Ndinanyowetsa chala, kuchiviika m'shuga, n'kuyamba kupaka m'kati mwa tsaya ndi pankhama za ababa. Ndinamva anthu akutchula dzina la Mulungu kumbuyo kwanga. Ndinapaka mpaka shuga anatha. Ababa sanadzuke.

Tinapeza njinga yamoto. Ababa aang'ono anakhala kumbuyo atawakumbatira, ine ndikutsatira pa njinga yopalasa. Kuchipatala anesi anasiya mayi woyembekezera m'manja mwa apongozi ake n'kubwera kudzaika diripu. Patapita nthawi ababa anatsegula maso, koma anatiyang'ana ngati anthu opezana nawo pamsika. Ambulansi sikanatha kudutsa podukapo. M'mawa mwake tinawawolotsa pa machila, n'kupeza galimoto ya matemba yopita ku tauni.

Kuchipatala chachikulu tinakhalako mpaka Idi inadutsa. Dokotala wina, bambo wa imvi, anatiimitsa m'kholido ine ndi amama n'kufunsa mmene zinayendera. Ndinafotokoza zonse, za mapiritsi, za daku, za thobwa. Anati shuga wa m'magazi anatsika kwambiri n'kukhala choncho nthawi yaitali, ndipo ubongo ukasowa shuga umawonongeka. "Akanamwa thobwalo akanadzuka n'kubwerera okha kunyumba," anatero. Anandiyang'ana n'kunena kuti ndinachita zoyenera, kungoti ndinafika mochedwa. Kenako anaitanidwa kwa wodwala wina. Mawu amenewo tinawamva awiri okha, m'kholido ya ku tauni.

Ababa anabwerera ndi moyo. Amayenda pang'onopang'ono, amadya okha, koma mawu awo ndi ochepa ndipo zambiri anaiwala. Ine amanditcha achemwali, poganiza kuti ndine mlongo wawo. Kusikimu sanapitenso. Nthabwala zonse zija zinatha.

Kumudzi tinapeza nkhani itaphikidwa kale. Ankati munthu anangokomoka ndi dzuwa, akanatsitsimuka pa futali, koma mwana wake anamuthira shuga m'kamwa, munthu wa shuga, ali chikomokere, komanso atasala. Ababa aang'ono ankanena zimenezi kumzikiti ndi kuchigayo, ndipo sankanena mwanjiru. Ankakhulupirira, poti anaona ndi maso awo. Amama akafotokoza zimene dokotala wa imvi ananena, anthu ankagwedeza mutu mwaulemu, akachoka n'kumati nanga mayi angalephere kuikira kumbuyo mwana wake. Amayi a thobwa aja anayesa kundiikira kumbuyo, koma anawauza kuti za kusala iwo sazidziwa. Anesi akanatha kunena, koma anesi sachoka pachipatala, ndipo amene amafika kwa iwo amakhala ndi zawo zowawa.

Kumjigo atsikana anzanga ankandilandira ndi mawu akuti, "Bisani shuga, adokotala afika!" Agogo ena odwala shuga, amene kale ankandisungira chinangwa chophika, anandiona ndikubwera ndi sikelo n'kulowa m'nyumba.

"Odi, agogo."

"Pita nayo foni yako. Ine ndikufuna kufa ndi nzeru zanga."

Ndinanena kuti zikomo, n'kubwerera.

Msewu atakonza, galimoto inabwera ndi nkhope ina yatsopano, mnyamata wamtali waulemu. Ndinayendetsa mzere monga mwa masiku onse, ndipo wodwala womaliza atachoka ndinasendera pafupi n'kugwada pambali pa tebulo. Ndinafotokoza zonse. Anamvetseradi, anasiya ngakhale kulongedza. Anati pepani, zimenezi siziyenera kuchitika, akalemba lipoti.

"Anthu akadalipo, adokotala," ndinatero. "Mutangowauza mawu pang'ono chabe. Ine sakundimvera."

Dalaivala anali ataliza kale hutala. Mnyamatayo anaima pakhomo la galimoto n'kukweza mawu. Ananena kuti shuga amakwera komanso amatsika, kuti wotsika amapha msanga kuposa wokwera, ndipo kuti volontiya wanu anachita bwino. Ananena momveka. Koma ambiri anali atabalalika, ababa aang'ono kunalibe, ndipo amene anamva anayang'anana. Galimoto isanakhote ndinamva bambo wina akuti, "Wachita kumuuza ndi mtsikanayo. Simunaone akunong'onezana?" Munthu amene wabwera lero n'kuchoka lero mawu ake salemera kuno. Adokotala akale akananena zomwezo atakhala pabenchi, mudzi ukanagona utasintha maganizo, chifukwa theka la anthuwo anawagwira ali makanda. Mwezi wotsatira kunabwera wina, ndipo za lipotilo sankadziwa.

A bungwe aja anabweranso nthawi yokolola itatha, ndi alendo awo. Anati manambala a dera lathu akusangalatsa, odwala ambiri sakudumphitsa mankhwala. Anandiimika kutsogolo kuti ndinene mmene ntchito ikuyendera. Ndinayamba ndi kuthokoza, monga ndinaleredwera. Kenako ndinanena kuti kuno anthu ambiri amasala, ndipo pamafunika munthu woti aziwaona mwezi wosala usanayambe, munthu mmodzi yemweyo, woti azimudziwa. Mayi wina anamwetulira n'kunena kuti imeneyo ndi mfundo yabwino kwambiri, aiganizira m'gawo lachiwiri. Anandijambula nditanyamula sikelo. Za gawo lachiwirilo sindinamveponso.

Ntchitoyi sindinasiye. Nthawi zina ndimafuna, makamaka ndikabwerera ndi sikelo osayeza munthu. Koma ndikasiya, foni apatsa mwana wina wosayankha akulu, akamuphunzitsa zomwe zija, ndipo adzayenda m'makomo kunena kuti shuga ndi poizoni basi. Ramadhani ya chaka chino itayandikira ndinapita kwa aliyense wodwala shuga amene anandilola kulowa. Za mapiritsi sindinakhudze, sindiloledwa ndipo sindizidziwa. Ndinangowapempha kuti afunse adokotala a m'galimoto, ndi kuti akamva thukuta ndi kunjenjemera amasule. Ochepa anamva. Ena anandifunsa kuti ababa ali bwanji, ndipo ndinadziwa chimene ankatanthauza.

Mwezi wosala unayamba ababa osadziwa. Amama amawaphikira masana atatseka chitseko, kuti fungo lisavutitse anthu odutsa. Ine ndimakhala nawo pamphasa kuonetsetsa kuti adya zonse asanamwe mankhwala. Tsiku lina ababa aang'ono anabwera kudzawaona nthawi yomweyo. Anaima pakhomo, kuyang'ana achimwene awo akudya dzuwa lili paliwombo, kenako anayang'ana mbale ya phala, n'kuyang'ana ine.

"Mwathiramo shuga?" anafunsa.

"Ayi, ababa."

Sanakhale pansi. Anapereka moni kwa amama n'kutuluka akupukuta m'maso ndi chipewa.

Ababa anapitiriza kudya. Kumzikiti kutayamba kumveka kuitanira mapemphero a masana, anaima, supuni ili m'mwamba, ngati munthu amene wamva dzina lake patali. Anatembenukira kwa amama.

"Mwezi uja waoneka?"

Amama anandiyang'ana. Tinali pakati penipeni pa Ramadhani, milomo yathu tonse awiri itauma.

"Sunaoneke, bambo," anatero. "Idyani."

Ndipo anadya.